Supu ya Mphindi 20: Zotuluka ndi Zolowa

Buku ili ndi la ndalama za pakhomo pano. Loyamba ndinalitsegula mu 1994, chaka chimene ndinakwatira, ndipo lino ndi lachisanu ndi chinayi. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki wa za ndalama zaka 27, choncho maganizo sindilemba, ndimalemba mitengo. Masamba otsatirawa ndi a chakudya chimodzi chamasana. Mwana wanga wamkazi, amene wangomaliza kumene maphunziro a za kadyedwe, anati tiphike supu ya nyemba yopanda nyama, yowaza timasamba tosaphika pamwamba. Anati imatenga mphindi 20.

Lachisanu, 30 Meyi

Bandulo ya intaneti: K1,000. Yoonera kanema wa mayi wina wakunja akuphika supuyo. Kanemayo ndi wa masekondi 58, koma taonera kasanu ndi kamodzi chifukwa mayiyo akulankhula ngati wasiya mwana pamoto. M'khitchini mwake mulibe utsi, mulibe mlendo, mulibe wobwera kudzapempha mchere. Nyemba zake zikutuluka m'chitini zitapsa kale. Amene anaziphika sanaonetsedwe.

Timasambato dzina lake ndi microgreens. Ndafunsa tanthauzo. Mwana wati ndi ndiwo zamasamba zimene umadula zikadali makanda, zitangotulutsa timasamba toyamba, pakati pa masiku 7 ndi 21 chifesereni. Wati zinayambira m'malesitilanti odula a ku California m'zaka za m'ma 1980. Mayi a kunyumba, amene amasenda mbatata chapafupi, ati kwawo ku Dedza zimenezo ndi zopatulira: ukafesa mpiru wothithikana pa nazale umazulako tina kuti tinzake tikule, ndipo tozulato umaponyera nkhuku. Ati sankadziwa kuti nkhuku za kwawo zinkadya za ku California. Mawuwa sanandilipiritse. K0.

Mbewu ya mpiru, paketi imodzi, ya m'sitolo ya zaulimi: K2,500. Titatsegula tapeza njere zake ndi zapinki. Mwana wawerenga kuseri kwa paketi n'kukhala chete. Utotowo ndi chizindikiro chakuti njere zinapakidwa mankhwala oziteteza zikakhala m'dothi. Kwa mpiru wodzathyola patapita milungu isanu palibe vuto, koma kambande kodya pa tsiku la 12 kamatuluka m'dothi katavala khungu la njere kumutu ngati chisoti, ndipo umadya ndi chisoti chomwe. Paketi yotsegula sibwezedwa. Ndaiika pamwamba pa kabati kuti idikire dimba limene tilibe. M'buku ndailemba ngati katundu wa pakhomo, osati ndalama yotayika, koma yatuluka ndithu m'thumba.

Mayuniti oimbira apongozi kuti atigawireko mbewu yawo yosunga okha: K500. Nkhani ya mbewu yatenga masekondi 40. Zotsalazo zapita ku malonje, mwendo wa apongozi, maliro awiri, ndi mbuzi ina imene ikuvutitsa m'minda ya eni ake.

Loweruka, 31 Meyi

Mbewu ya apongozi, theka la kapu ya tiyi: K0. Yafika pa minibasi itamangidwa bwinobwino m'kajumbo ka shuga.

Ya Fanta ya kondakitala amene waibweretsa: K1,000.

Shuga, paketi imodzi, wapita ndi kondakitala yemweyo: K3,500. Apongozi sanapemphe. Angotumiza uthenga wakuti tisadabwe ndi kajumboko, n'ka shuga wawo womaliza.

Lolemba, 2 Juni

Thireyi yofeseramo: K0. Ndi ya chitsulo, ya maluwa ofiira, mphatso ya ankhoswe pa ukwati wathu. Mwana wati pafunika chinthu chosazama, chokhala ndi mabowo kuti madzi asadikhe, mizu ingawole. Mabowo 14 ndaboola ndine, ndi msomali wa mainchesi anayi, mayi a kunyumba ali ku banki m'khonde. Mwa malamulo a ntchito yanga, chitsulo chimene chagwira ntchito zaka 31 mtengo wake unatha kalekale. Mayi a kunyumba ali ndi kawerengedwe kena. Tiyi wa Lachiwiri ndi wa Lachitatu wabwera pa mpando, wopanda mawu.

Dothi: K0, la kuseri kwa nyumba. Ine ndinati tisakanize ndi zitosi za nkhuku, mwana wakana, wati chinthu chodya chosaphika chisayandikane ndi manyowa aawisi. Pamenepa ndamuvomereza. Walisefa dothilo kuti likhale losalala, ndipo sefa imene inali pafupi inali ya ufa.

Sefa yatsopano: K2,000.

Kufesa: wawaza njere mothithikana ngati mchere pa nsomba, wazipsinja ndi chikhatho, wavindikira ndi nyuzipepala yonyowa. Zikhala mumdima masiku atatu, kenako zituluka pa khonde. Nyuzipepala ndi ya chaka chatha. Ndinali nditaiwerenga. K0.

Madzi othirira, theka la lita pa tsiku, masiku 12, malita 6: K60. Ndalemberatu. Mwana wati kukanakhala kotentha ngati mu Okutobala tikanadula msanga, koma Juni amachedwetsa chilichonse.

Lachiwiri, 10 Juni

Nkhuku ya aneba, yaikazi, yamawanga, yadya gawo limodzi mwa magawo atatu a munda wa pa thireyi. Yachita zimenezi m'nthawi imene munthu amatenga kupita kukayankha odi n'kubwerera. Aneba ati pepani, koma nkhuku sidziwa malire. Mayi a kunyumba ati nkhukuyo yangodya zake.

Neti yotchingira: K0. Ndi ya udzudzu, yakale, yobooka malo asanu, imene inapuma ntchito kalekale. Ndalemba momveka chonchi kuti a zaumoyo akadzaona bukuli asandiyese wa gulu lija lomangira madimba ndi maneti atsopano.

Lachisanu, 13 Juni

Minibasi, kupita m'tauni ndi kubwera: K3,000. Ulendowu unali wokagula nyemba za m'chitini monga za mu kanema. Chitini chimodzi cha magalamu 400 chinali K4,500, ndipo pakufunika ziwiri. Ndatembenuza chitini n'kuwerenga zilembo zing'onozing'ono: ukakhetsa madzi, nyemba zenizeni ndi magalamu 240. Zotsalazo ndi madzi a mchere amene adutsa pa chipata cha dziko atalipira msonkho. Nyemba zouma ukaziphika zimalemera kupitirira kawiri, kutanthauza kuti theka la kilo ya kumsika likuposa zitini zinayi. Ndabweza zitini pa shelefu mwaulemu. Ndalama ya minibasi sibwezedwa pa shelefu.

Nyemba, kilo imodzi pa K6,000, za supu theka: K3,000. Mayi wogulitsa anali ndi Kholophethe, Nanyati, Phalombe ndi Kayera, mulu uliwonse pa thumba lakelake. Za mu kanema zinali zoyera, choncho mwana amafuna Kayera, koma mayi ake anandiuziratu kuti msuzi wa nyemba zoyera umaoneka ngati wangochira kumene. Ndatenga Kholophethe, zamawangamawanga zija. Wogulitsa wati ndi za chaka chino, wachita kukapikula yekha ku Lizulu. Ndaluma imodzi. Yatsopano imalola dzino kulowa pang'ono, yakale imangoti phwa ngati mwala. Nkhani imeneyi si yamasewera kwa wogula makala: nyemba zimene zagonera m'thumba, malo otentha ndi achinyontho, zimauma mtima, ndipo ukhoza kuziwiritsa mpaka aneba onse atadya n'kugona. Izi zalola dzino.

Zina za pamsika pomwepo. Tomato, mulu umodzi wa anayi ndi mmodzi wa banyira wophwanyika mbali: K1,000. Anyezi awiri: K600. Adyo: K500. Karoti: K500. Kambuzi: K200. Mafuta oyeza: K800. Mchere ulipo kale, wa supu ndauyesa K50.

Kusankha nyemba pa lichero: mphindi 25. Asankha ndi mayi a kunyumba, chifukwa maso a mwana anali pa foni ndipo anga anali pa buku lino. Zapezeka: timiyala 11, kachitsotso kamodzi, nyemba zofumbwa 30. Timiyalato ndinatigula pa mtengo wa nyemba. Ine ndinaphunzira sukulu yogonera, kumene anankafumbwe tinkawawerengera ku nyama. Popeza supu ino ndi yopanda nyama, achotsedwa onse.

Kunyika: kuyambira 9 koloko usiku. Mayi a kunyumba ati chikwatiwire sananyikepo nyemba ndipo palibe anafa. Mwana wati zonyika zimapsa msanga ndipo sizivutitsa kwambiri m'mimba. Pa mfundo yachiwiriyi nyumba yonse yagwirizana kuti tiyese. Maola 13. Mu kanema mulibe.

Loweruka, 14 Juni

10:00. Madzi onyikira atayidwa, athira atsopano, poto wakwera pa hotipuleti ya mawati 1,000. Hotipuleti yotere imadya yuniti imodzi pa ola.

10:30. Magetsi azima. Theka la yuniti: K60.

Makala, kajumbo kamodzi: K1,500. Mnyamata wanga wa Fomu 3 wathamangira. Pamwamba pali makala, pansi pali fumbi ndi chikuni chimodzi chimene sichinamalize maphunziro. Machesi: K100. Kuyatsa mbaula: mphindi 18. Wakupiza ndi mayi a kunyumba, ndi chivindikiro cha ndowa, atagwada pa khonde, nkhope ataipotolera kumbali chifukwa cha utsi wa chikuni chija.

10:48. Poto wakwera pa mbaula. Mwana waima pompo ndi wotchi kuti nyemba zibwate mwamphamvu mphindi 10 zathunthu moto usanachepetsedwe. Wati nyemba zosapsa bwino, makamaka zofiira, zili ndi poizoni amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo chimene chimamupha ndi kubwata kwenikweni, osati kufunda. Mayi ake ati zimenezo ankazidziwa, kungoti sankagwiritsa wotchi.

11:10. Mkangano wa soda. Mayi a kunyumba abwera ndi kasupuni, ati nyemba zifewe msanga, makala akutha. Mwana waphimba poto ndi dzanja, wati soda amafewetsadi koma amawononga vitamini B1. Mayi ati agogo ake ankathira chidulo ndipo anakalamba mpaka kuiwala zaka zawo. Ine monga wa ndalama ndinali mbali ya soda. Sindinafunsidwe. Soda wabwerera m'kabati: K0. Pa nkhani ya tomato, awiriwa agwirizana osakangana: salowa nyemba zisanafewe, chifukwa kuwawasa kwake kumaumitsa khungu. Mwana anaphunzira zimenezi ku koleji, pa fizi imene ili m'buku lachisanu ndi chitatu. Mayi ake anaziphunzira ulere.

11:30. Kukolola. Mwana wagwada pa thireyi ndi sizasi ya telala, wagwira timasamba pamutu ngati akumeta khanda, n'kumadula chapamwamba pa dothi pang'ono. Tatalika ngati chala changa chamkombaphala, timapesi toyera, kumutu timasamba tiwiri tooneka ngati mtima. Kukolola munda wonse: mphindi zitatu. Mpiru wodula chonchi suphukanso. Ndatuma mnyamata kwa okala kuti akayeze pa sikelo ya batire. Wabwera ndi yankho: magalamu 40. Wa okala wafunsa ngati ndi mankhwala.

Apa ndachita masamu. Mbewu yapinki, mayuniti a foni, kondakitala, shuga, sefa ndi madzi: K9,560. Kugawa ndi magalamu 40: K239 pa galamu, kapena K239,000 pa kilo. Nyama ya ng'ombe dzulo ndinaiona pa K12,000. Choncho kilo imodzi ya timasamba tathu ndi nyama makilo pafupifupi 20. Ndamuonetsa mwana. Wati: “Adadi, mu 2012 akatswiri a University of Maryland pamodzi ndi a unduna wa zaulimi ku America anayeza mitundu 25 ya timasamba totere, anapeza kuti mavitamini ena ndi ochuluka kanayi mpaka ka 40 kuposa m'masamba okhwima.” Ndamuuza kuti sindikutsutsa, koma timasamba tathu tikagawana aliyense apeza magalamu 10, ndipo bukuli lilibe danga la mavitamini. Wati ndilo vuto la bukuli.

11:50. Nyemba zapsa. Imodzi ukaipsinja ndi zala ikungosungunuka. Mphindi 20 za mu kanema zikuyambira pano.

Poto wina wakwera. Mafuta, anyezi mpaka afiire m'mphepete, adyo wosinja, karoti wodula timabenthu ting'onoting'ono kuti asachedwe, tomato mpaka asungunuke n'kuyamba kulekana ndi mafuta. Mu kanema mayi uja akuthira msuzi wa masamba wogula m'katoni. Ife tathira madzi a nyemba momwemo, ofiirira, olemera, amene tinalipira kale. Nyemba zalowa. Mchere. Kambuzi mmodzi wathunthu, wongobaya ndi mpeni kuti anunkhire asalume. Mayi wa mu kanema ali ndi makina opera, ife tilibe, ndipo tikanakhala nawo magetsi kulibe. Mwana watenga mthiko n'kumatikita nyemba zina m'mbali mwa poto mpaka msuzi wagwirana. Mayi a kunyumba asuzumira, ati: “Ichi ndi chipere chochuluka madzi, kungoti waulesi sanasupule makungu.”

12:09. Poto watsika. Mphindi 19. Ndilembe chilungamo: mayi wa mu kanema sananame.

Buledi wodyera supu: K2,800.

12:15. Odi. Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, amangodutsa. Akhala akungodutsa nthawi yomweyi Loweruka lililonse lachiwiri kuyambira chaka chatha. Mbale zinali zinayi, zakhala zisanu. Timasamba: magalamu 8 aliyense, osati 10. Ndakonza masamu.

Mwana wapakula supu m'mbale zakuya, waika buledi pambali, wawaza timasamba pamwamba ndi nsonga za zala. Sitiphikidwa, titangokhudza kutentha timafota tokha. Alamu ayang'ana mbale, ayang'ana supuni, ayang'ana ine.

“Alamu, akudwala ndani?”

Ndati palibe.

“Kapena mwasintha mpingo?”

Mwana wafotokoza kuti ndi chakudya cha anthu osadya nyama, pa Chingerezi vegetarian. Ndatsegula buku lachisanu ndi chinayi n'kuwaonetsa alamu kuti pakhomo pano nyama sinalowepo kupyola pa 18 pa mwezi chiyambire Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Tinkangoti mwezi wafika pakati. Chatsopano lero n'chakuti ndi pa 14, tachita kufuna, ndipo zili ndi dzina.

Mayi a kunyumba akankhira timasamba tawo m'mphepete mwa mbale, ati iwo si kalulu.

Zolowa. Danga limeneli nthawi zambiri limakhala la penshoni yokha, koma ndilembamo izi. Supu inali yabwino. Yolemera, yoterera pa lilime, fungo la kambuzi likumveka chapatali. Timasamba ta mpiru timati khrrr pa dzino, kenako kakululuza kake kamakwera m'mphuno n'kutha msanga, ndipo nyemba zimene ndadya moyo wanga wonse zinamveka ngati zasamba. Mtengo wa zimenezi sindinaupeze. Mayi a kunyumba, pa supuni yachisanu, abweza timasamba tija pakati pa mbale. Atatha awonjezera, ndipo totsala m'kambale atsina ndi iwo. Sanayamikire. Ati mchere wachepa.

12:40. Mbale zonse zayera. Mnyamata wapukuta yake ndi buledi womaliza, wathokoza mlongo wake, n'kufunsa kuti nanga chakudya chibwera nthawi yanji. Alamu ati mwanayu wafunsa funso labwino.

Ufa: K1,500. Makala, kajumbo kachiwiri: K1,500. Waphika nsima ndi mayi a kunyumba. Ndiwo: supu yotsala, imene aibwezera pamoto kuti ichepe madzi. Itafika pa tebulo kachiwiri, pambali pa nsima, aliyense amaitchula kuti nyemba.

Amati mlendo ndi mame. Mame awa akamuka 5 koloko. Thiransipoti ya alamu: K2,000.

Kuwonkhetsa. Bandulo K1,000. Timasamba K9,560. Supu yeniyeni, kuphatikizapo minibasi yokaona zitini, K11,310. Buledi K2,800. Nsima yobwera pambuyo K3,000. Alamu K2,000. Zonse pamodzi: K29,670. Pa munthu mmodzi: K5,934. Poyerekeza, nsima ya nyemba ya masiku onse, yosanyika, ya makala majumbo awiri, pa mitengo yomweyi ndi K9,650, ndipo palibe amafunsa kuti chakudya chibwera nthawi yanji.

Nthawi: masiku 15 chionereni kanema, maola 13 onyika, ola limodzi ndi mphindi 50 zowiritsa, ndi mphindi 19.

Madzulo ndawerengera mayi a kunyumba masamu onsewa, iwo akukwecha mwaye pa poto ndi mchenga. Amvetsera mpaka kumapeto. Kenako ati: “Nanga ine mwandilemba zingati, abambo?”

Ndabwerera m'mbuyo. Kusankha nyemba, kukupiza mbaula, kusonkhezera, nsima, mapoto awiri, mbale khumi. Dzina lawo likupezeka malo onsewa koma kutsogolo kwake kulibe nambala. Ndatsegula mabuku ena asanu ndi atatu aja. Muli mtengo wa machesi wa mu 1996. Muli tambala iliyonse ya palafini. Danga limenelo mulibe. Ndati ndikhoza kuwawerengera pa mtengo wa ganyu, kuyambira lero kapena kuyambira 1994, asankhe okha. Ati ndisiye, ndilibe mapepala okwanira. Ndajambula mzere watsopano ndi rula kudzanja lamanja kwa tsamba. Pamwamba pake sindinalembepo kanthu.

Lolemba, 16 Juni

Mayi a kunyumba afesanso okha pa thireyi ija, mwana ali m'tauni kosiya makalata ofunsira ntchito. Mbewu ya apongozi yatsala yofesa kasanu. Mabowo alipo kale, neti ilipo, dothi asefa ndi sefa yakale. Awonjezera mzere umodzi wa bonongwe, ati aone ngati nayenso ndi wa ku California. Madzi: K60. Mtengo wonse wa ulendo wachiwiri: K60. Nkhuku ikapanda kulowerera tidzadula magalamu 60, pa K1 galamu imodzi.

Lachitatu, 18 Juni

Nkhuku ya aneba yaoneka m'mawa uno pafupi ndi khonde. Ili ndi anapiye asanu ndi awiri. Mabowo a neti ndi asanu.